Gulugufe wa usiku amene amabala mbozi ya m'nsonga ya chimanga

Chimanga chikangofika m'mawondo kuno ku Angonia, mkangano wa mbozi umayambiranso. Wina amati ndi kapuchi yemweyo wa makolo, wangolusa. Wina amati ayi, ndi ntchemberezandonda. Alangizi akamalankhula pa wailesi amati lagarta do funil, pamene abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amangoti mbozi zachilendo. Funsani kumene inachokera, mumva kuti imagwa ndi mvula, kapena kuti inabwera m'mapaketi a mbewu.

Sabata yatha ndinali m'munda wa amalume anga cha ku Domwe. Anagwira phesi limodzi, n'kufunyulula masamba a m'nsonga ndi chala. M'kati munali zinthu zonyowa zonga utuchi, ndipo pansi pake panali mbozi imodzi yonenepa, yodzipinda ngati ikugona tulo. Madzulo ake tili pakhonde, kagulugufe kotuwa kanayamba kudzigunda pa babu la sola. Ndinati, "Amalume, mayi wa mbozi ija ndi ameneyu, apo ayi ndi mbale wake." Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe mphwanga, kanthu kopanda ndi mano komwe aka kangandithere munda?"

Sananame, mano alibe. Koma gulugufe ameneyu ndi mbozi ija ndi cholengedwa chimodzi pa misinkhu iwiri. Ambiri a ife timadziwa msinkhu umodzi wokha, uja umadya.

Dzina lake ndi mfunda wake

Asayansi amaika zamoyo m'magulu mofanana ndi mmene ife timalondolera munthu: mtundu wake, fuko lake, mfunda wake, kenako dzina lake. Gulugufe wathuyu ali m'gulu lalikulu la tizilombo ta miyendo 6, limodzi ndi ziwala, njuchi ndi ngumbi. M'kati mwa gululo muli fuko lotchedwa Lepidoptera, mawu a Chigiriki otanthauza mapiko a mamba. Mukagwira gulugufe aliyense, pa zala pamatsala kafumbi konyezimira. Si fumbi, ndi mamba ang'onoang'ono osanjikizana pa phiko ngati udzu wa padenga. Fuko limeneli lili ndi mitundu yoposa 150,000 yodziwika, ndipo agulugufe okongola amene timawaona masana pa maluwa ndi ochepa chabe mwa iwo. Ochuluka kwambiri ndi a usiku.

M'Chichewa tonse timangoti gulugufe, koma Chipwitikizi chimawasiyanitsa: wa masana ndi borboleta, wa usiku ndi mariposa kapena traça. Kuwasiyanitsa ndi maso n'kosavuta. Wa masana akatera amaimika mapiko m'mwamba, ndipo tinyanga take tili ndi kamutu kunsonga ngati chibonga. Wa usiku amagoneka mapiko pamsana, thupi lake ndi lonenepa ndi laubweya, tinyanga topanda kamutu.

Mwa agulugufe a usikuwo, wathuyu ali m'banja la Noctuidae, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otchulira kadzidzi. Ndi banja lalikulu, la mitundu yoposa 11,000, ndipo mbozi zambiri zimene zimaliritsa alimi zimachokera kumeneku. Dzina lake lenileni ndi Spodoptera frugiperda. Dzina la sayansi limakhala ndi mawu awiri, ndipo mfunda ndi umene umayamba, ngati kunena kuti Phiri Uje m'malo mwa Uje Phiri. Spodoptera ndiye mfunda, ndipo amatanthauza phiko la phulusa. Amene anaupereka ndi Achille Guenée wa ku France mu 1852, ndipo uli ndi mitundu pafupifupi 30. Frugiperda ndi Chilatini, kutanthauza woononga zipatso kapena zokolola. Dzinali ndi lakale kuposa mfundawo: analipereka James Edward Smith wa ku England mu 1797, pogwiritsa ntchito zojambula za John Abbot, amene ankajambula tizilombo ku Georgia, ku America. Choncho mbiri yoononga mbewu anali nayo kale zaka zoposa 200 zapitazo. Mukapeza buku lakale lomutchula Laphygma frugiperda, dziwani kuti ndi yemweyo, akatswiri anangomusamutsa mfunda.

Palinso kena kobisika. Mtundu umodzi womwewu uli ndi mbumba ziwiri zosasiyana m'maonekedwe. Ina imakonda chimanga, mapira ndi thonje, ina imakonda mpunga ndi udzu wa msipu. Palibe diso lingazisiyanitse, mpaka kuyeza DNA, chidindo cha chibadwa chimene chili m'maselo a chamoyo chilichonse. Zizindikiro za mbumba zonse ziwiri zinapezeka mu Africa.

Nanga kapuchi ndi ntchemberezandonda?

Amene amati ndi ntchemberezandonda sanaphonye kwenikweni. Ntchemberezandonda imene agogo athu ankaidziwa ndi Spodoptera exempta, mfunda womwewo, ndipo iyo ndi mbadwa ya kuno ku Africa. Khalidwe ndiye losiyana. Exempta ikachulukana imada bii, imayenda chigulu poyera, imaseseratu udzu ndi chimanga chanthete m'masiku ochepa, kenako imazimiririka mwina zaka zingapo. Frugiperda imabisala m'nsonga, nthawi zambiri imodzi pa phesi, ndipo siisowa chaka chilichonse.

Kapuchi ndi nkhani ina, ndipo kuno tili ndi akapuchi oposa mmodzi. Kumtunda kozizira monga Angonia ndi Tsangano wofala ndi Busseola fusca, mbadwa ya Africa, wa banja lomwe lija la Noctuidae koma mfunda wina. Kumalo otsika ndi otentha wofala ndi Chilo partellus, wa banja la Crambidae, amene kwawo ndi ku Asia ndipo mu Africa anayamba kulembedwa ku Malawi cha m'ma 1930. Tikamanena za alendo, kapuchi ameneyunso anali mlendo, tinangomuzolowera. Akapuchi amayambira m'nsonga ali aang'ono, kenako amaboola phesi n'kukhala m'kati mwake. Mabowo awo pa tsamba amakonda kukhala aang'ono, ondandalika mzere. Mbozi ya frugiperda imang'amba tsamba mosasamala, mabowo aakulu opanda dongosolo, n'kusiya ndowe zambiri zonga utuchi zija.

Kwawo n'kuti, ndipo anafika liti kuno?

Kwawo ndi kumadera otentha a America, kuyambira kumwera kwa United States, kudutsa Mexico ndi zilumba za Caribbean, mpaka ku Brazil ndi kumpoto kwa Argentina. Ku Brazil amamutcha lagarta-do-cartucho ndipo alimi akhala akulimbana naye kwa mibadwo.

Dzina lake la Chingerezi, fall armyworm, ndi limene lasokoneza ambiri. Amene amadziwako Chingerezi amamva fall n'kuganiza za kugwa, ndiye mwina nkhani yoti mbozi imagwa kumwamba imapezerapo mphamvu. Koma ku America fall ndi dzina la nyengo, ija masamba amayoyoka chisanu chisanayambe. Gulugufeyu sapirira chisanu choundana. Ku United States amapulumuka nyengo yozizira kumwera kwenikweni kwa Florida ndi Texas kokha, ndipo kukayamba kufunda, mibadwo yake imasunthira kumpoto pang'onopang'ono mpaka kukafika ku Canada. Alimi a kumpotoko amamuona kumapeto kwa dzinja lawo la ulimi, m'nyengo ya fall. Chisanu chikabwera onse a kumpoto amafa, chaka chamawa ulendo n'kuyambanso.

Mu Africa anayamba kudziwika kumayambiriro kwa 2016, ku Nigeria, Benin, Togo ndi zilumba za São Tomé e Príncipe, ndipo amene anatsimikiza kuti ndi iyeyo ndi akatswiri a bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA. Akatswiri ambiri amaona kuti anawoloka nyanja ya Atlantic ndi katundu wa zomera zaziwisi pa ndege kapena sitima, osati ndi mapiko ake. Chaka chimenecho chisanathe anali atafika ku Zambia. Kumayambiriro kwa 2017 anali m'minda ya ku Malawi, Zimbabwe, South Africa ndi kuno ku Mozambique, moti mu Febuluwale chaka chomwecho bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Harare. Mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Chigawo chathu cha Tete chili pakati pa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, ndiye panalibe polambalala.

Ulendo sunathere pa ife. Mu 2018 anapezeka ku Karnataka, ku India. Mu Januwale 2019 anali ku Yunnan, ku China. Kumayambiriro kwa 2020 anafika kumpoto kwa Australia. Zaka 4 zokha kuchokera ku Nigeria.

Za mbewu ya m'paketi, thupi lake lomwe limayankha. Gulugufeyu amaikira mazira pa tsamba laliwisi, ndipo mbozi yake imadya tsamba, ngayaye, ndevu za chimanga ndi maso anthete a chimanga chachiwisi. Chimanga chouma cha m'nkhokwe kapena cha m'paketi si chakudya chake, chimenecho ndi cha anankafumbwe ndi anzawo.

Thupi la gulugufe, tikaliyang'ana pafupi

Ndi wamng'ono kuposa mmene mbiri yake imamvekera. Atatambasula mapiko amakwana mamilimita 32 mpaka 40, osapitirira kamtengo ka machesi. Monga tizilombo tonse ta miyendo 6, thupi lake lili ndi zigawo zitatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Mafupa alibe, chimene chimagwira thupi ndi chikopa cholimba cha kunja.

Pa mutu pali maso awiri aakulu, lililonse lopangidwa ndi timaso tambirimbiri tolumikizana ngati zisa za njuchi, oyenera kuona mu mdima. Pali tinyanga tiwiri tatitali tonga ulusi, ndipo imeneyi ndiyo mphuno yake. Kukamwa kuli kapaipi kopyapyala kamene amakakulunga ngati nkhata akamapuma, n'kukatambasula akafuna kuyamwa timadzi ta m'maluwa. Ndiye amalume ananena zoona, iyeyu satafuna kanthu. Moyo wake wonse wa mapiko, umene umakhala masiku pafupifupi 10, nthawi zina mpaka milungu 3, ndi wa kuuluka, kukwerana ndi kuikira mazira.

Pa chifuwa ndi pamene pali miyendo 6 ndi mapiko 4. Mapiko a kutsogolo ndi amene amaoneka akatera, ndipo ndi amene amasiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamuna ali ndi mawanga otuwa ndi ofiirira osakanikirana, kachigamba koyera kunsonga kwa phiko ndi kena kowala chapakati. Wamkazi ndi wotuwa mofiirira paliponse, wopanda chizindikiro chooneka bwino, moti akatera pa dothi kapena pa phesi louma mungamuponde osamuona. Mapiko a kumbuyo, amene amabisika pansi, ndi oyera monyezimira ngati siliva, okhala ndi mkombero wakuda woonda. Pakati pa phiko la kutsogolo ndi la kumbuyo pali kaubweya kolimba kamene kamakola ngati ndowe ya chitseko, kuti mapiko awiriwo azikupiza ngati limodzi.

Apa ndiyenera kuvomereza kuti pakhonde paja ndinadzitchinjiriza dala ponena kuti "apo ayi ndi mbale wake". Agulugufe otuwa a banja la Noctuidae amafanana kwambiri, makamaka aakazi. Ngakhale akatswiri, akafuna kutsimikiza, amayang'ana ziwalo zoberekera za wamwamuna pa makina okulitsa zinthu, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kapangidwe kake ngati kiyi ndi loko.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi makutu. Sali pa mutu. Ali m'mbali mwa chifuwa, kumbuyo, pafupi ndi pamene mapiko a kumbuyo amayambira. Khutu lililonse ndi kachikopa kopyapyala kokungika ngati ka ng'oma, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kumvera mileme. Mleme ukamasaka usiku umalira mawu okwera kwambiri amene khutu la munthu silimva, n'kumamvera mmene mawuwo akubwererera. Gulugufeyu amawamva. Mleme ukakhala patali amatembenuka n'kuthawa, ukayandikira amakhotakhota kapena kudzigwetsa pansi. Mileme ija timaithamangitsa m'madenga ndi adani ake akale, akale moti thupi lake linachita kumera makutu chifukwa cha iyo.

Mapapo alibe. Amapuma kudzera m'timabowo tondandalika m'mbali mwa chifuwa ndi mimba, ndipo timapaipi timapereka mpweya molunjika ku minofu. Kumapeto kwa mimba ya wamkazi kuli kachiwalo kotulutsa fungo loitanira amuna, limene akatswiri amalitcha feromoni. Ife sitilimva, koma wamwamuna amalitola ndi tinyanga tija n'kulitsata mobwerera mphepo mpaka kumupeza. Misampha yonga ndowa imene alangizi amapachika m'minda ina imagwiritsa ntchito fungo lomweli, lopangidwa ku fakitale. Imakola amuna okhaokha, ndipo cholinga chake chachikulu ndi kuwerenga, kuti adziwe ngati agulugufe achuluka, osati kuwatha.

Pa kuuluka ndiye katswiri. Mphepo ikamuthandiza amatha kuyenda makilomita mpaka 100 usiku umodzi. Wobadwira m'munda wa ku Ulongwe akhoza kuwoloka malire pa Calomue n'kukaikira mazira ku Dedza tambala asanalire, wopanda chiphaso.

Dzira, mbozi, chikwa

Wamkazi amaikira usiku, kawirikawiri kunsi kwa tsamba, mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi. Dzira lililonse ndi la mamilimita 0.4, kuchepa ngati kambewu ka fodya. Akamaliza amawafunditsa ndi mamba a pamimba pake, moti mulu wonse umaoneka ngati kachigamba ka nkhungu kapena kathonje kotuwa. Pa moyo wake amatha kuikira mazira pafupifupi 1,500, ena kufika 2,000. Kukatentha amaswa m'masiku 2 kapena 3.

Timbozi tongoswa timakhala tosakwana mamilimita 2, tobiriwira, ta mitu yakuda. Timalendewera pa ulusi ngati kangaude, mphepo n'kumatiuluzira ku mapesi oyandikana. Pa msinkhu umenewu sititha kuboola tsamba, timangopala mbali imodzi n'kusiya kachikopa koonekera ngati pepala la pulasitiki. Mlimi amene amayendera munda wake m'mamawa ndi amene amaona timawindo timeneti. Enafe timadzazindikira masamba atang'ambika kale.

Mbozi imadutsa misinkhu 6, ndipo pakati pa msinkhu ndi msinkhu imafundula ngati njoka, chifukwa chikopa chake sichikula. Ikakhwima imafika mamilimita 35 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo gawo lalikulu la zonse zimene imadya pa moyo wake imadya m'misinkhu yomaliza. N'chifukwa chake munda umaoneka ngati waonongeka usiku umodzi, pamene mbozi yakhalamo sabata yathunthu.

Mtundu wa khungu musaudalire. Ina imakhala yobiriwira, ina yofiirira, ina pafupifupi yakuda. Zizindikiro zodalirika ndi ziwiri. Choyamba chili pankhope: mzere woyera wooneka ngati chilembo Y chozondoka, kapena tinene ngati phanda loimika miyendo pansi. Chachiwiri chili kumchira: pa mfundo yachiwiri kuchokera kumapeto pali timadontho takuda 4 toima ngati ngodya za bokosi. Pa mfundo zina timadontho timakhalaponso, koma tiwiri timayandikana kuposa tinzake. Abale ake ena, ntchemberezandonda yomwe, ali nacho chilembo cha pankhopecho, ndiye ndi bwino kuona zonse ziwiri pamodzi. Mukaitembenuza muona miyendo yeniyeni 6 kufupi ndi mutu, yomwe idzakhale miyendo ya gulugufe, ndi ina 10 yonenepa ya kumimba, yokhala ndi tingowe togwirira tsamba, imene imatha mbozi ikasintha. Nsagwada zotafunira zili pa msinkhu uno wokha.

Nanga mazira 200 aja, bwanji m'nsonga timapezamo imodzi kapena ziwiri? Ambiri amafa ali aang'ono: mvula yamphamvu imawakokolola, nyerere, akangaude ndi mbalame zimadya, ndipo pali timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira awo m'mazira kapena m'thupi la mbozi. Otsalawo amadyana okhaokha. Mbozi ikakula imadya inzake yaing'ono ikakumana nayo, mpaka m'nsonga mutatsala mwini nyumba mmodzi.

Ikakhuta, patatha milungu iwiri kukatentha kapena mwezi kukazizira, imatsika n'kulowa m'dothi masentimita 2 mpaka 8. Kumeneko imasanduka chikwa, kanthu kofiirira konyezimira kotalika mamilimita 14 mpaka 18, kosadya, kongogwedeza kumchira mukakakhudza. Ambiri tinakafukulapo popalira osadziwa kuti n'chiyani. M'kati mwakemo thupi la mbozi limasungunuka n'kuumbidwanso: nsagwada zimatha, kapaipi koyamwira, mapiko ndi makutu zimapangika. Nyengo yotentha pamatenga masiku 8 kapena 9, gulugufe n'kutuluka m'dothi.

Chifukwa chake sakuchoka

Kuchokera pa dzira kufika pa dzira lina pamatenga masiku pafupifupi 30 kukatentha, 60 kukakhala kozizirira, ndi 80 mpaka 90 m'nyengo yozizira. Chinsinsi chili apa: gulugufeyu alibe tulo ta chilimwe. Kapuchi wathu Busseola fusca, mvula ikatha, amagona m'phesi louma miyezi ingapo kudikira dzinja lina, n'chifukwa chake alangizi akale ankalimbikira za mapesi otsala m'munda. Frugiperda sangathe kutero. Ayenera kupeza chomera chobiriwira ndi malo ofunda chaka chonse, apo ayi mzere wake uduka.

Ku Canada umadukadi chaka chilichonse. Kuno ku Tete suduka. Juni ndi Julayi wa ku Tsangano ndi Angonia amazizira mpaka kuchedwetsa kukula kwake, koma chigawo chomwechi chili ndi chigwa cha Zambezi, cha ku Moatize, mzinda wa Tete ndi Mutarara, kumene kumafunda ngakhale mwezi wa Juni. Kumtunda komwe kuno tili ndi madimba. Chimanga cha kudimba, chimene chimatipatsa mondokwa ndi ndalama za sukulu mu Okutobala, ndi mlatho umene gulugufeyu amawolokera kuchoka dzinja lina kufika lina. Chimanga chikasowa sagona ndi njala: ofufuza analemba zomera zoposa 350 zimene mbozi yake inapezekapo, kuphatikiza mapira, mawere, mpunga, nzimbe, thonje ndi maudzu a m'tchire, ngakhale kuti kuno chimanga ndiye ndiwo yake ya pamtima. Kubzala mosiyana masiku kumamuthandizanso. Munda wobzalidwa mochedwa umalandira agulugufe obadwira m'minda ya amene anabzala ndi mvula yoyamba.

Pa za kuthana nayo anthu amasiyana maganizo, ndipo aliyense ali ndi zifukwa zake. Ena amadalira mankhwala a m'sitolo. Ena amathira dothi, mchenga kapena phulusa m'nsonga, ena amathira msuzi wa nsomba kuti uitane nyerere, ena amangotola ndi manja n'kuphwanya mazira. Thupi la mbozi limangotiuza zimene njira zonsezi zikulimbana nazo. Mbozi yaing'ono ili poyera pa tsamba ndipo ndi yofooka. Yaikulu ili pansi pa nsonga, yadzitsekera ndi ndowe zake ngati chivindikiro, ndipo masana siituluka. Imadya kwambiri madzulo, usiku ndi m'bandakucha. Chikwa chili m'dothi momwe mankhwala opopera pa masamba safika, ndipo gulugufe amene adzaikire mazira sabata yamawa mwina panopa ali m'munda wa mudzi wina. Ku America, kumene akhala akumupopera kwa zaka zambiri, mbozi za m'madera ena zinasiya kufa ndi mitundu ingapo ya mankhwala, n'chifukwa chake alangizi amanena za kusinthasintha mankhwala. Chimanga nachonso chili ndi mphamvu yake: ngati mbozi yadya masamba okha osafika pa mtima pamene phesi limakulira, ndipo chinyezi ndi chakudya m'nthaka zilipo, chimatha kuphukanso n'kubereka.

M'mawa mwake amalume anandidzutsa dzuwa lisanatuluke kuti tikaone "mazira akowo". Tinayenda mizere itatu tikutembenuza masamba, mame akutinyowetsa mathalauza. Pa mzere wachinayi anaima okha, n'kuwerama. Kunsi kwa tsamba kunali kachigamba kotuwa kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Anakapala ndi chala chachikulu, ubweya n'kuchoka, timazira n'kuonekera tosanjikizana. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Aka ndimakaona chaka chilichonse. Ndinkayesa nkhungu."